Kuphunzira kuseta nyumba ndi zida zopimira, kuyambira pa tepi mpaka total station

Nyumba isanamangidwe imakhala pa pepala pokha. Ntchito yoseta ndiyo kuichotsa pa pepalapo n'kuiika pansi: ngodya iliyonse pamalo pake, khoma lililonse pamzere wake, silabu pa levulo imene injiniya analemba. Onse obwera pambuyo, okumba, othira konkire, omanga ndi okhoma denga, amangotsatira chikhomo ndi chingwe chimene woseta wasiya. Chikhomo chikapita pambali ndi masentimita 5 palibe amene amaona tsiku lomwelo. Zimadzaululika zitsulo za denga zitafika zodulidwa kale koma osakhala pa zipilala, ndipo apo n'kuti anathira konkire kalekale.

Chovuta cha makina opimira n'chakuti sanena akalakwa. Amakupatsani nambala yooneka bwino ngakhale mwawaimika polakwika. Choncho chilichonse chimene mwaika pansi muzichitsimikizira ndi njira ina, yosiyana ndi imene munachiikira. Muona ndikuzibwereza pa chida chilichonse, ndipo ndikutero mwadala.

Ophunzira ambiri amathamangira total station poti ndi imene imaoneka yapamwamba. Ine ndingakulangizeni kuyamba ndi tepi, kenako dumpy level yopimira levulo, kenako theodolite yopimira ngodya. Munthu wodziwa zitatuzi amazindikira msanga total station ikamuuza zosatheka.

Pulani kaye

Musanatsegule bokosi la makina khalani pansi ndi pulani. Onani pakona pake ngati ili yomaliza kutuluka, chifukwa mapulani amasinthidwa ndipo kusintha kulikonse kumalembedwa ndi chilembo kapena nambala komanso deti. Pa saiti pamakhala mapepala akale ambiri, ndipo ntchito yosetedwa mwaluso ndi pulani yakale ndi yogumula basi. Kenako pezani mizere ya gridi. Kawirikawiri mbali imodzi imakhala A, B, C, mbali inayo 1, 2, 3, ndipo chipilala chimatchulidwa ndi pamene mizereyo yakumana, monga B3. Dziwani ngati muyeso wachokera pakati pa khoma kapena kunja kwake: pakhoma la mamilimita 230 kusiyana kwake ndi 115. Phatikizani miyeso ing'onoing'ono muone ngati ikukwana muyeso wa mbali yonse. Ikapanda kukwana funsani wojambula pulani kapena injiniya, musadzisankhire nokha. Musayezenso ndi rula pa pepala, popeza pepala limasindikizidwa mokula kapena mochepa. Nambala yolembedwa ndiyo yotsatira.

Mukatero funsani kumene kuli mabikoni a malowo, mapointi amene saveya anasiya, ndi benchmark, malo olimba amene levulo yake imadziwika. Zonse zimayambira pamenepa.

Tepi, chingwe ndi matabwa

Gwiritsani tepi yachitsulo. Ya nsalu kapena ya fayiba imatamuka ikamakalamba, ndipo ndi yoyenera ntchito zongoyerekeza. Yachitsulonso ili ndi khalidwe lake: imakhala yolondola pa kutentha kwa madigiri 20, ndipo ikatentha ndi madigiri ena 15, tepi ya mamita 30 imatalika ndi mamilimita pafupifupi 5. Koma chimene chimawononga kwambiri ndi kuyeza motsatira kutsetsereka kwa nthaka. Miyeso ya pa pulani ndi yogona mowongoka. Ngati mwayala tepi mamita 30 pamalo amene mbali ina yatsika ndi mamita 2, mtunda weniweni waperewera ndi mamilimita 67. Pamalo otero yezani pang'onopang'ono, tepi itakwezedwa mofanana mbali zonse, n'kumatsitsa pointi pansi ndi pulamu, kachitsulo kolemera kolendewera pa chingwe. Onaninso pamene pali ziro ya tepi yanu, chifukwa ina imayambira kunsonga ya mphete, ina mkati pang'ono. Mukamaika mapointi angapo pamzere umodzi, ziro ikhale pa msomali woyamba osasuntha, muziwerenga 3.600, 7.200, 10.800 motero. Mukamasuntha ziro pa pointi iliyonse timilimita tolakwika timaunjikana.

Ngodya ya madigiri 90 imapezeka ndi njira ya 3, 4, 5. Kuchokera pa msomali wa pakona yezani mamita 3 pa chingwe chimodzi ndi mamita 4 pa chinzake. Pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala mamita 5 ndendende. Ngati malo alipo, kulitsani: 6, 8, 10 kapena 9, 12, 15. Katatu kakang'ono kamabisa cholakwa chimene chimakula chingwe chikamatalika.

Mukakhoma makona anayi yezani madayagonolo onse awiri, mizere yodutsa pakati kuchokera pa kona imodzi kufika pa kona yoyang'anana nayo. Nyumba ya mamita 12 kwa 9 dayagonolo yake ndi 15.000, ya 10 kwa 8 ndi 12.806. Werengeranitu nambala imeneyi musanapite pansi. Apa pali msampha umene ambiri amakodwa nawo: madayagonolo atha kufanana pomwe khoma lakutsogolo latalika kuposa lakumbuyo. Ndiye yezani mbali zonse zinayi ndi madayagonolo awiri, miyeso isanu ndi umodzi, osadumphapo.

Zikhomo za pamakona zidzachoka pokumba, choncho mizere isamutsireni pa matabwa okhomedwa pa zikhomo ziwiri zolimba, patali ndi dzenje mita imodzi kapena iwiri, kapena kupitirira ngati kukumba n'kwa makina. Pa thabwa lililonse khomani msomali wa mzere wa gridi kapena wa nkhope ya khoma ndi wina wa m'mphepete mwa maziko, ndipo mulembepo kuti uwu ndi wa chiyani. Msomali wopanda dzina ndi umene umamangitsa khoma pamzere wa dzenje. Matabwa onse akhale pa levulo imodzi, ndipo apa m'pamene dumpy imalowera.

Dumpy level

Makina ambiri a masiku ano ndi automatic level, ngakhale pa saiti anthu amangoti dumpy. M'kati mwake muli kachipangizo kolendewera kamene kamawongola mzere woonera pakokha, bola mwaika pakati kathovu ka m'kagalasi kosonyeza ngati makina agona mowongoka.

Tambasulani tripod, miyendo itatu yoimikapo makina, pamalo olimba, mutu wake ukhale wogona bwino poyang'ana ndi maso, ndipo utalike mofika pachifuwa panu kuti musamawerame kapena kunyang'ama. Pondani mwendo uliwonse ulowe m'nthaka. Mangani makinawo ndi sikuluwu yapansi. Tsopano kathovu kozungulira: tengani masikuluwu awiri mwa atatu amene ali kunsi kwa makina, muwapotokole pamodzi, onse kulowa mkati kapena onse kutuluka. Kathovu kamatsatira kumene chala chachikulu cha dzanja lamanzere chikulowera. Kakafika pamzere wapakati gwiritsani sikuluwu yachitatu yokha kukalowetsa m'kati mwa kabwalo. Tembenuzani makina kuyang'ana kumbuyo. Kathovu kakakhalabe pakati, zili bwino.

Chotsatirachi anthu amachidumpha kwambiri. Lozetsani makina ku pepala loyera kapena khoma lowala, mupotokole kagalasi ka kudiso mpaka timizere ta mtanda tioneke takuda bii, osawirikiza. Kenako lozetsani ku sitafu, ndodo yaitali yolembedwa miyeso imene mnzanu amaimika pa pointi, n'kukonza fokasi mpaka manambala aoneke. Gwedezani mutu pang'ono m'mwamba ndi pansi mukuyang'anabe. Ngati mzere ukuoneka kuyenda pa sitafu, fokasi sinakwane, ndipo muwerenga nambala yosiyana nthawi iliyonse mukasuntha diso. Bwerezani mpaka mzere uime nji. Munthu wina akabwera kudzaonera akonzenso kagalasiko, chifukwa maso athu sali ofanana. Mukayang'ana sitafu gogodani mwendo wa tripod pang'ono ndi chala: chithunzi chiyenera kunjenjemera n'kubwerera pomwe chinali. Chikangouma osanjenjemera, kachipangizo ka m'kati kaja mwina kakakamira.

Sitafu yodziwika kwambiri ndi ya zilembo zonga E. Kabokosi kalikonse, kopakidwa utoto ndi kopanda utoto, ndi mamilimita 10, ndipo E yathunthu ndi 50. Manambala olembedwa amasonyeza mamita ndi gawo lakhumi, monga 1.4. Kuchokera pamenepo werengani timabokosi, kenako muyerekeze milimita yomaliza ndi diso. Mzere ukadutsa timabokosi tiwiri ndi theka pamwamba pa 1.4, mulemba 1.425. Nthawi zonse manambala atatu pambuyo pa kadontho. M'galasimo mulinso timizere tiwiri tating'ono, kena pamwamba kena pansi. Kapamwamba kakawerenga 1.545, kapansi 1.305, pakati pake pamakhala 1.425, zimene zikutsimikizira kuti simunaphonye. Kusiyana kwake, 0.240, mukachulukitsa ndi 100 kukupatsani mtunda wofika pa sitafu, mamita 24.

Wogwira sitafu ndi theka la ntchito, ndipo ndi bwino inunso muyambe mwaigwirapo. Aonetsetse kuti zigawo za sitafu zatuluka mpaka kulira kuti kha, pansi pake palibe matope, ndipo waimika chilili. Ngati ilibe kathovu, aziipendeketsa pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, inu mutenge nambala yochepetsetsa imene mwaona. Sitafu yopendekeka imawerengetsa nambala yaikulu kuposa yeniyeni nthawi zonse.

Tsopano masamu, ndipo ndi kuphatikiza ndi kuchotsera basi. Tinene kuti benchmark yanu ndi 100.000. Mwaika sitafu pamenepo n'kuwerenga 1.425. Kuwerenga koyambaku kumatchedwa backsight. Phatikizani: 101.425. Imeneyi ndi levulo ya mzere umene makina akuonera, ndipo siisintha mpaka mutawasuntha. Pulani ikuti pamwamba pa silabu pakhale 100.300. Chotserani: 101.425 kuchotsa 100.300, yankho 1.125. Wogwira sitafu aitsamiritse pa chikhomo, aziikweza kapena kuitsitsa monga mukumulozera ndi dzanja, mpaka mzere ukhale pa 1.125. Pamenepo alembe mzere ndi pensulo kunsi kwa sitafu. Aichotse, aiikenso pa mzerewo, muwerengenso. Chitani chimodzimodzi pa zikhomo zonse za matabwa aja.

M'dzenje la maziko n'chimodzimodzi. Ngati pansi pake payenera kukhala 99.200, sitafu iwerenge 2.225. Ikawerenga 2.140, kwatsala mamilimita 85 oti akumbe. Oyamba kumene amasokonezeka apa, ndiye gwirani bwino: nambala ikakula ndiye kuti nthaka yatsika, ikachepa nthaka yakwera. Pa ngalande yotsetsereka 1 pa 80, paipi imatsika mamilimita 250 pa mamita 20 alionse, kutanthauza kuti pa mamita 10 alionse polowera kumunsi nambala ya pa sitafu ikule ndi 0.125.

Malo akatalika kapena kutsekeka muyenera kusuntha makina. Musanawanyamule, wogwira sitafu aiike pa chinthu cholimba chosatitimira, monga msomali wa pa chikhomo kapena mwala wokhazikika, muwerenge. Kuwerenga komalizaku kumatchedwa foresight. Tinene 0.870. Levulo ya pamalopo ndi 101.425 kuchotsa 0.870, ndiyo 100.555. Iye asasunthe, angotembenuza nkhope ya sitafu. Inu mukaimike makina kutsogolo, muwerenge backsight yatsopano, tinene 1.960, mzere woonera watsopano ukhala 102.515. Yesetsani kuti mtunda wa kumbuyo ndi wa kutsogolo ufanane, ndipo usapitirire mamita 50 kapena kuyandikira apo. Dzuwa likatentha mpweya wa pafupi ndi nthaka umavinitsa chithunzi, choncho pewani kuwerenga kunsi kwenikweni kwa sitafu.

Mukamaliza bwererani ku benchmark imene munayambira kapena mukatsekere pa ina yodziwika. Ma backsight onse kuchotsa ma foresight onse ayenera kufanana ndi levulo yomaliza kuchotsa yoyamba, ndipo zimenezi zimagwira zolakwa za masamu. Kusiyana kotsala pofika pa benchmark kumagwira zolakwa za kuwerenga. Lamulo limene ambiri amagwiritsa pa saiti ndi mamilimita 5 kuchulukitsa ndi sikweya ruti ya maulendo amene munaimika makina (ya 4 ndi 2, ya 9 ndi 3): kanayi mukuloledwa 10, kasanu ndi kanayi 15. Kontrakiti ikalemba malire ake, tsatirani amenewo. Mukapitirira malire musagawe cholakwacho kuti chibisike, bwerezani ulendo wonse.

Makina enieniwo amayesedwa ndi zikhomo ziwiri. Khomani A ndi B motalikirana mamita 60, muimike dumpy pakati penipeni. Tinene pa A mwawerenga 1.532, pa B 1.318, kusiyana 0.214. Kusiyana kumeneku n'koona ngakhale makina atakhala opendekeka m'kati, chifukwa cholakwa cha mbali ziwiri zofanana chimafafanizana. Tsopano imikani makina mamita atatu kuseri kwa A. Pa A mukawerenga 1.610, pa B payenera kukhala 1.396. Mukapeza 1.398 palibe nkhawa, popeza milimita imodzi pa mamita 20 alionse imaloledwa. Mukapeza 1.408 makinawo apite kwa okonza. Chitani mayeso amenewa sabata iliyonse, komanso makina akagwa, akayenda pa msewu wa mabampu, kapena mukabwereka kwa wina. Satenga ngakhale theka la ola.

Theodolite

Chatsopano apa n'chakuti makina ayenera kukhala pamwamba penipeni pa msomali. Imikani tripod pamwamba pa pointi, muyang'ane m'kagalasi koonera pansi kapena muyatse leza yake. Nyamulani miyendo iwiri muisunthe mpaka msomali uoneke, n'kuiponda. Ndi masikuluwu atatu aja lowetsani msomali pakati pa kabwalo. Kenako ikani kathovu kozungulira pakati potalikitsa kapena kufupikitsa miyendo, osati ndi masikuluwu, pakuti njira imeneyi siichotsa makina pa msomali. Malizani ndi kathovu kakatali: kagoneke motsatira masikuluwu awiri, kenako tembenuzani madigiri 90 mugwiritse yachitatu. Msomali ukasuntha pang'ono masulani sikuluwu yapansi, mutsetsereze makina osawazunguza, mumange, muonenso kathovu. Poyamba zimatenga nthawi ndipo zimakwiyitsa, koma palibe chidule china kupatula kubwerezabwereza pabwalo mpaka manja azolowere.

Digiri imodzi ili ndi mphindi 60, mphindi ili ndi masekondi 60. Kuphonya ndi masekondi 20 okha pa mamita 100 kumasuntha pointi pafupifupi mamilimita 10. N'chifukwa chake mzere woyambira muziutenga pa pointi yakutali n'kumaika mapointi apafupi. Mukatembenuza, kuyambira pa kamzere kakafupi n'kuloza kutali, cholakwa chimakula. Poika ngodya yofunika ikani kawiri: koyamba makina ali nkhope yakumanzere, kutanthauza kuti bwalo loyezera kukwera kwa chubu lili kumanzere kwanu, kenako gudubuzani chubu choonera, muzungulitse makina, muikenso ali nkhope yakumanja. Timadontho tiwiri tikasiyana pang'ono, khomani msomali pakati pake.

Total station

Iyi ndi theodolite yomwe imayezanso mtunda ndi kuwala n'kuwerengera ma coordinate, manambala osonyeza pamene pointi ili. Kuwalako kumabwezedwa ndi prism, kagalasi ka pa ndodo kamene mnzanu amaimika pa pointi. Kaya ndi Leica, Topcon, Sokkia kapena Trimble, mabatani amasiyana koma njira ndi imodzi. Kuimika pa msomali n'chimodzimodzi ndi pamwambapa. Mukatero muwauze makina pointi imene aimapo, kutalika kwawo kuchokera pa msomali, ndi pointi ina yodziwika imene mulozeko ngati backsight. Njira ina ndi resection, pomwe mumaima paliponse pabwino n'kuyeza mapointi odziwika kuti makina adziwerengere malo awo. Awiri amatheka, koma tengani atatu kapena kuposa, omwazikana mbali zosiyana, kuti makina akuonetseni ngati akugwirizana.

Musanakhome chikhomo ngakhale chimodzi, yezani pointi ina yodziwika imene simunaigwiritse poimika makina. Ma coordinate akabwera ofanana ndi olembedwa, kusiyana mamilimita ochepa okha, yambani ntchito. Akasiyana imani, mufufuze. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi. Mwasinthanitsa Easting, nambala yolowera kum'mawa, ndi Northing, yolowera kumpoto, polowetsa manambala. Mwasiya prism constant ya prism ina, mamilimita amene makina amaonjezera kapena kuchotsera pa mtunda chifukwa cha mtundu wa prism: ma prism ambiri ndi a -30, pomwe Leica imawerengera yozungulira yake ngati 0 m'makina ake, ndipo kusakaniza kumaika cholakwa pa mtunda uliwonse umene muyeze. Kutalika kwa ndodo ya prism kwasintha koma m'makina simunasinthe. Kapena mapointi ali pa gridi ya mapu yotchedwa UTM, imene pakati pa chigawo chake scale factor, nambala yochulukitsira mtunda wa pansi kuti ukhale wa pa mapu, ndi 0.9996, kutanthauza mamilimita 40 pa mamita 100, pomwe miyeso ya nyumba pa pulani ndi ya pansi penipeni. Nkhani ya scale factor mugwirizane ndi saveya tsiku loyamba. Lowetsaninso kutentha ndi mphamvu ya mpweya za tsikulo.

Poika pointi sankhani dzina lake m'makina. Akuuzani ngodya yoti mutembenukire, wogwira prism alowe pamzerewo, muyeze, makina anene kuti abwere kapena apite mamita angati. Akayandikira khomani chikhomo, muike prism pamwamba pake, mupeze kadontho, mukhome msomali, muyezenso msomaliwo n'kusunga. Pa mapointi ofunika gwiritsani prism yaing'ono ya ndodo yayifupi. Ndodo ya mamita 2 ikapendekeka digiri imodzi yokha, prism yachoka pa pointi ndi mamilimita 35. Mukamaliza makona tengani tepi yachitsulo ija muyeze mbali ndi madayagonolo. Tepi sidziwa chilichonse cha manambala amene munalowetsa m'makina, n'chifukwa chake umboni wake ndi wodalirika. Musanachotse makina lozaninso ku backsight muone ngati sanasunthe.

GNSS ya RTK, makina opima pogwiritsa masetilaiti, ndi yothandiza pa misewu, pokumba ndi posalaza malo aakulu, koma imaphonya ndi sentimita imodzi kapena iwiri, pa levulo n'kupitirirapo. Mabawuti a zipilala zachitsulo musawaike ndi imeneyi.

Kabuku ndi kasamalidwe

Nambala muziilemba m'kabuku nthawi yomweyo mwaiwerenga, osati pa dzanja kapena pa thumba la simenti. Mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi n'kulemba pamwamba, osafufuta. Tsamba lililonse likhale ndi deti, dzina la makina, nambala ya pulani ndi kachithunzi kosonyeza pamene munaima. Mkangano ukadzabuka patapita miyezi, kabukuko ndi kamene kadzayankhe.

Makina anyamuleni ngati khanda, ali m'bokosi lake, osati ali pa tripod paphewa. Akanyowa apukuteni, muwasiye aume bokosi lili chitsegukire, apo ayi magalasi achita nkhungu m'kati. Musalozetse chubu ku dzuwa, kumawononga diso. Musawasiye okha pamene magalimoto akudutsa.

Mapointi oyambira ndi benchmark ya pa saiti zikutireni ndi konkire, muzitchinge ndi matabwa opakidwa utoto, ndipo mukhale ndi ena apadera kunja kwa malo okumbidwa. Malole ndi makina okumba amagunda zikhomo popanda wonena. Choncho okumba akamaliza, asanathire konkire, mangani zingwe kachiwiri muyeze madayagonolo ndi levulo ya pansi pa dzenje. Mukapeza chikhomo chopendekeka kapena nthaka yosweka mozungulira, musachiwongole ndi dzanja. Chizuleni, muchiikenso poyeza kuchokera ku mapointi ena awiri amene sanakhudzidwe, ndipo muuze foromani kuti mizere yonse yochokera pa chikhomocho iyambe yadikira mpaka mutaiyezanso.